Chaka Chimene Amalume Anaimitsidwa Ntchito

Taipi ya amalume inali yobiriwira, ndipo chilembo cha "a" chinkakanirira mpaka achikoke ndi chikhadabo. Anabwera nayo ku Katuli ataikulunga m'chitenje, mango atangoyamba kupsa, chaka chachiwiri chithawireni ife nkhondo ku Mozambique.

Sanali amalume enieni. Anali mwana wa agogo amene anatipatsa malo kuseri kwa nyumba yawo, koma amayi anati tiziwatchula choncho. Ankaphunzitsa mbiri yakale ku koleji. Kumeneko analemba nkhani yonena kuti Apalestina, amene anachotsedwa m'minda ndi m'nyumba zawo, ali ndi ufulu wobwerera kwawo. Akuluakulu a kolejiyo anawauza kuti aibweze, poti masiku amenewo nkhani yotere inali yoika munthu m'madzi. Anzawo anasiya kudya nawo tebulo limodzi. Atakana, anawaimitsa ntchito.

Zonsezi ndinazimva nditakula. Panthawiyo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo vuto langa linali lakuti kusukulu anandibweza kawiri. Ankati malo adzaza, ana a othawa adikire.

Amalume atamva anavala jekete, dzuwa likuswa mtengo, nandigwira dzanja mpaka ku ofesi ya ahedi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanayu adikire mpaka liti, bambo? Nkhondo sinamuuze tsiku limene idzathe." Anakhala pabenchi mpaka belu lowerukira. M'mawa mwake tinapitanso. Tsiku lachitatu ahedi analemba dzina langa.

Ndikaweruka ndinkasenda chinangwa pakhonde, iwo akugogoda taipi, zala zili bii ndi inki. Ankalembabe za Apalestina, kutumiza kwa anthu amene sankayankha. Tsiku lina anafunsa amayi za munda umene tinausiya. Amayi anatchula mtengo uliwonse. "Kutali uko kuli anzanu," anatero amalume, "nawonso amatchula mitengo yawo chonchi."

Mvula itayamba kunabwera mnzawo wa ku koleji pagalimoto ya matope okhaokha. Anabweretsa pepala: akasaina kuti analakwitsa, abwerera pantchito. Amalume anamupatsa tiyi, kumuthyolera mango, kenaka n'kumubwezera pepala lake losasaina. Agogo analowa m'nyumba osatsanzikana ndi mlendoyo.

Lero ndine mphunzitsi chifukwa cha masiku atatu a pabenchi, ndipo ndikudziwa chimene munthu amataya akabweza pepala lotere. Koma tsiku limenelo ndinathamangira kwa amayi ndikuvina, kukawauza kuti amalume sachokanso. Ndinadabwa kuona amayi akupukuta misozi pa nkhani yabwino ngati imeneyo.