Chipewa cha Bambo Anga

Dzulo kugalaja kuno ku Industrial Area kunabwera galimoto yonunkha klatchi yopsa. Fungolo linandibwezera ku Kitengela, tsiku limene bambo anga anasanduka katswiri wa mpikisano wa magalimoto.

Tinaima m'mbali mwa msewu kuonerera mpikisanowo mvula itangokata. Galimoto ya katimu kena, kosadziwika n'komwe nthawi imeneyo, inatitimira m'matope patsogolo pathu. Bambo, kalaliki wa bungwe lina ku Parklands, analowa m'thopemo ndi nsapato za kutchalitchi n'kuyamba kukankha. Galimoto itatuluka, dalaivala anawaponyera chipewa pawindo, matayala n'kuwathira matope kumaso.

"Amake Yohane, malayawa musachape," anatero bambo titafika kunyumba. "Ndi mbiri imeneyi."

"Mbiriyo muzigona nayo pakhonde," anayankha mayi.

Ine ndinangodziwa kuti bambo alembedwa ntchito kutimu ija. Chipewa amapatsa munthu wamba ngati? Timu ija itayamba kupambana chaka ndi chaka, kusukulu ndinkauza aliyense kuti ndi ya bambo anga. Mnzanga wina m'kalasi, Otieno, anafunsa kuti, "Bambo akowo ndi tayala liti?" Ndinamugulula dzino.

Ahedi ataitanitsa makolo, ndinachonderera bambo kuti avale chipewa chija monga umboni. Anavaladi, tayi ali pakhosi. Ahedi anawafunsa ngati amagwiradi ntchito kutimuko.

"Ayi bwana, ndinangokankhako."

Sukulu yanga inathera pomwepo. Lero timu ija ili ndi zikho zodzaza chipinda, ndipo sidziwa kuti kwathu tinaikankha awiri: bambo anaonongerapo nsapato, ine sukulu.