Kalata Yogulira Matchera

Chipumireni pa ntchito ya ukalaliki pa loji ina ku Senga Bay, ndakhala ndikulembera anthu a pa dooko lathu makalata a mgwirizano. Munthu akagula bwato, injini kapena ukonde, amabwera pakhonde panga pamodzi ndi womugulitsayo. Ndimalemba ndi kaboni, onse awiri amasaina kapena kudinda chala, wogula amatenga pepala lapamwamba, lapansi limatsala ndi ine. Sindinatayepo ngakhale limodzi. Onse ali m'thiranki yachitsulo, chaka chilichonse mu envulopu yakeyake.

Chaka chimene ndikunenachi umbava unali utatifika pakhosi. Msodzi amatchera matchera ake, m'mawa n'kukapeza madzi okhaokha. Injini ankazimasula pa boti ngati akuthyola mango. Usipa unkasowa pa thandala dzuwa likuswa mtengo. Ndinalemba makalata anayi opempha akuluakulu a boma kuti atiganizire za chitetezo. Makope ake ndili nawo, koma mayankho ndilibe chifukwa sanabwere. Anthu anagula mawezulo, nasema zibonga. Ine ndinaika zitsulo m'mawindo, maloko awiri pachitseko, ndi lina pa thiranki.

Kwathu kuno banja lililonse limadziwa matchera ake poona zidutswa za patapata zakutha zimene timamangirira kuti ukonde uziyandama. Ena amazidula mozungulira, ena amazing'amba kumapeto. Panali abale awiri, mkulu ndi mng'ono wake, amene anatengera chizindikiro cha malemu bambo awo: patapata zofiira zoboola kawiri. Awiriwa sankayankhulana chifukwa cha mlandu wa malo. Mng'onoyo ataganiza zopita ku Joni, anagulitsa matchera ake mwakachetechete kwa bambo wina wa ku Khombedza, amene kale anali mlonda pa loji ndipo anali atangoyamba kumene usodzi. Kalata ndinalemba ndine.

Ndinamuuza wogulayo kuti, "Achimwene, musanauike m'madzi, muchotse patapatazi muike zanu."

Anaseka. "Abambo, ine zanga zakutha ndizitenga kuti? Ndikadavalabe izi."

Patapita masabata awiri, matchera a mkulu uja anabedwa. M'mawa wa tsiku lachitatu lake ndinali pa dooko kugula ndiwo pamene wezulo analira. Bambo wa ku Khombedza anali atayanika ukonde wake pamchenga, poyera, akusoka pomwe panang'ambika. Mkulu uja anali ataima pamwamba pake, patapata yofiira ili m'manja.

"Mabowo awiri awa anaboola ndi agogo ako?"

"Ndinagula, achimwene. Kwa ang'ono anu."

"Ang'ono anga ali ku Joni! Wasankha mboni yakutali, eti?"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka koipa. Mayi wina wogulitsa usipa anakuwa kuti, "Tatopa nazo mbava zovala nkhope ya tchalitchi!" Wina anamukankha bambo wa ku Khombedza uja, wina anam'menya ndi nkhafi kumsana. Pepala lake lapamwamba linali ku Khombedza kwa mkazi wake. Bamboyo atandiona anafuula, "Abambo, auzeni! Munalemba ndinu!"

Ndinanena. Ndinanena katatu, mokweza, kuti munthuyu anagula ndipo umboni uli kwanga. Mkulu uja anandiyankha osandiyang'ana nkomwe. "Madala, pakamwa aliyense ali napo. Ngati pepala lilipo, katengeni."

Nyumba yanga ili kumtunda, kufupi ndi msewu. Wa kabaza panalibe, onse anali atathamangira ku dooko. Ndinayenda mmene mawondo anga akanathera. Loko wam'mwamba anatseguka, wam'munsi anali ndi dzimbiri ndipo anavuta. Kenako wa pa thiranki. Pepala lenilenilo ndinalipeza nthawi yomweyo, pakuti envulopu zanga sizisokonezeka. Koma pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ndipo ndikuchilemba pano chifukwa sindifuna kusiya nkhani yoperewera. Potuluka ndinakhoma thiranki. Ndinakhomanso maloko onse awiri a pachitseko, n'kuwakoka kuti ndione ngati agwira. Manja anachita zimene anazolowera, ine ndili chiimire kuwayang'ana.

Pofika pa dooko phokoso linali litatha. Anthu anali ataima motalikirana, ena atayamba kale kubwerera ku thandala zawo. Bamboyo anagona chammbali pa ukonde wake, magazi akutuluka m'khutu, akupuma movutikira. Ndinawerenga kalatayo yonse, kuyambira mutu mpaka mboni. Ndinamuonetsa mkulu uja siginecha ya mng'ono wake. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga bwanji sanasinthe patapata?" Ndi zokhazo zimene ananena.

Wovulalayo tinamunyamulira pa galimoto ya nsomba kupita ku chipatala ku Salima. Anamwalira tsiku lotsatira asanatsegule maso.

Apolisi atabwera, dooko lonse linali lakhungu. Amene anagwira nkhafi anati anali pa nyanja. Mayi wa usipa anati anali ku chigayo. Anthu oposa amene amadzaza tchalitchi pa Khrisimasi, koma woona panalibe! Ine ndinapereka sitetimenti yanga, ndi maina amene ndinawaona, ndipo ndinapempha kope. Kuyambira pamenepo ena sandipatsa moni, ndipo pakhonde panga pamabwera anthu ochepa. Matchera anapitirira kubedwa chaka chonsecho, pakuti mbava yeniyeni sinakhudzidwe ndi chala chomwe.

Mbiri inafika ku Khombedza mtembo usanafike, ndipo inafika yopotoka: akuti wafera kuba. Akulu a mpingo wake anati maliro a munthu wofera kuba sangawaimbire. Mkazi wake, pepala lapamwamba atalisowa m'chipwirikiti cha maliro, anakwera minibasi kudzandipeza. Sanalire. Anakhala pansi pakhonde n'kunena kuti, "Abambo, ana anga asakule akumva kuti bambo awo anaikidwa ngati galu."

Ndinavala jekete, tinakwera limodzi. Pa siwa ndinapempha akulu a mpingo kuti tikhale pambali, ndipo ndinawawerengera kalatayo. Mmodzi anaitenga, naitembenuza, nafunsa ngati kope la kaboni ndi umboni wokwanira. Ndinamuuza kuti akapanda kulikhulupirira anene pamaso pa mayiyu kuti ine ndine wabodza. Anayang'anana, kenako anatuma uthenga kwa amayi a chigwirizano kuti avale yunifolomu.

Anamuimbira kuchokera panyumba mpaka kumanda. Ine ndinayenda kumbuyo kwenikweni, ndipo sindinathe kuimba nawo.