Tsiku Limene Dziko Linakoka Mazira

Dzulo pa wailesi anati kumwambaku kuli masetilaiti awiri oyenda motsatizana, oyeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Akuti malo ena limakoka kwambiri kuposa ena. Ndinaseka ndekha m'nyumba muno, poti mayi a ana anatsogola.

Ndili Sitandade 4 ku Kawale, aphunzitsi anataya choko pansi n'kutiuza kuti dziko ndi limene lachikoka. Masana ake amayi anandituma ku Biwi kukatenga mazira asanu kwa azakhali. Pobwerera ndinaima kuonerera mpira wachikulunga, mazira ali m'malaya. Mpira utagubuduzikira kwa ine, ndinaumenya ndi mtima wonse. Mazira onse anaphwanyika, n'kumayenderera m'miyendo, ozizira, onanda.

Amayi atandiona anathyola kamtengo ka pichesi.

"Mazira anga ali kuti, iwe?"

"Dziko lakoka, Amayi. Ku Biwi limakoka kwambiri." Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

"Ho! Nanga kabudula wakoyu silinamukoke bwanji?"

Anayesetsa kukwiya, koma kuseka kunawapambana, kamtengo n'kugwa m'manja.

Zaka zambiri ndinkati sukulu ndiyo inandipulumutsa. Ndadziwira kuukalamba kuno kuti chinali chifundo chawo basi.