Kumenya Denga Kawiri

Pa lole yomwe ndinkagwirako ntchito yotsitsa katundu tinali ndi lamulo limodzi. Ukamenya denga la adalaiva kamodzi, aime. Ukamenya kawiri, anyamuke. Kukuwa kunalibe ntchito, chifukwa injini yake inkalira ngati chigayo.

Tsiku lina mvula itangokata, tinatsitsa mchere pagolosale ina ku Ngabu. Ndinakwera pamwamba pa matumba otsala kuti ndikoke tenti. Patapata wanga anali atalemera ndi matope a makande, ndiye ndinamuvula n'kumukuntha padenga paja. Pha! Pha!

Lole inanyamuka, ine ndinatsala m'malere. Pansi ndinafikira mkono, patapata ali m'manja, woyera bwinobwino.

Adalaiva anadzandizonda kuchipatala, mkono wanga uli m'chikhakha. M'malo moyankha moni, ndinangowalusira.

"Achimwene, galasi lija anakuikirani lometera ndevu? Osayang'ana kaye kumbuyo?"

"Inu zaka zonsezi mwakhala mukunditcha gonthi," anatero akusenda nthochi yomwe anandibweretsera. "Lero ndamva msanga, mwakwiyanso?"

Mpaka lero sindigogoda pachitseko cha munthu. Ndimangoima chapatali, mapazi onse ali pansi, n'kunena kuti odi.