Mzere Umene Amayi Anazira

Fungo la dothi lakuda lonyowa, lija amazirira m'nyumba, limandibwezera ku Kasisi m'mwezi wa Ogasiti, chaka chimene ndinamaliza Fomu 3. Inali nyengo yowotcha nzimbe. Masana aliwonse utsi unkakwera cha ku Nchalo, ndipo mwera unkatibweretsera timaphulusa tomwe tinkatera pa zovala zoyanika ndi m'ndowa za madzi. M'minda ya thonje munali mutatsala zitsotso zokha. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali masawu oyanika pamkeka, ana akuthamangitsa mbuzi mwaulesi. Ine zonsezi ndinkangoziona ngati m'maloto, chifukwa mtima wanga unali pa maloboti.

Pasukulu pathu tinali nawo anayi. Anali ngati tigalimoto tokula ngati njerwa, ta mateyala awiri, batire pamsana, ndi timaso tiwiri kumimba toyang'ana pansi. Ntchito yawo inali imodzi: kutsata mzere wakuda pamalo oyera popanda wowagwira. Anatibwereka ndi bungwe lina la ku Blantyre. M'mwezi wa Juni tinakwera nawo mapiri kupita kumpikisano waukulu, ndipo tinakhala achiwiri kuchokera kumapeto. Sipanatenge nthawi, kunabwera kalata yoti maloboti abwezedwe, akapatsidwe sukulu zina za kumtunda.

A Chapo, aphunzitsi athu a sayansi, sanafune kugonja. Anabwereketsa kamodzi kusukulu ina ya kwa Makhuwira, kutsidya kwa Shire, kena kusukulu ya kufupi ndi Nchalo, ndipo anapempha bungwe lija kuti litumize munthu adzaone mpikisano wathuwathu wa patchuthi. Bungwe linavomera. Mayi wina adzabwera Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo akadzaona sukulu zitatu zikuyendetsa maloboti, adzawasiya m'chigwa chaka china. Ine ndinali mlembi wa kalabu, choncho makalata onse anali anga. Ndinkalembanso zochitika za tsiku lililonse m'kope la zikuto zofiira, lomwe ndikusungabe. Pa tsamba lina pali mawu awa, odulidwa mzere kawiri: "Tiwaonetsa kuti m'chigwa si mwa madzi osefukira okha."

Vuto loyamba linali malo. Ahedi anali atapita kwawo ndi makiyi onse a sukulu, kompyuta yomwe tinkaphunzitsira maloboti itakhomeredwa mu ofesi mwawo. Panja sitikanachitira, chifukwa dzuwa linkasokoneza timaso tija. Ndinalembera abusa kalata ya Chingerezi, ndipo anatilola kugwiritsa ntchito tchalitchi chakale chadothi, chomwe ana ankaphunziriramo nyimbo Lamulungu. Tinakankhira mabenchi kukhoma. Masiku atatu tinapaka laimu pansi, kupaka n'kudikira, kupakanso, mpaka panayera ngati pepala. Lachinayi a Chapo anagwada ndi kaburashi n'kujambula njira yokhotakhota ndi penti wakuda. Kaloboti kathu kanaizungulira kasanu osaphonya. Ndinabwerera kunyumba zikhatho zitang'aluka ndi laimu, koma ndikuimba.

Amayi anga ankadziwa zochepa za zimenezi. Anali mtsogoleri wa amayi osamalira tchalitchi, munthu wosalankhulalankhula, amene sukulu analekezera Sitandade 2. Akandifunsa kuti ndikutanganidwa ndi chiyani, ndinkayankha mwachidule kuti ndi zasukulu. Ndinkaona ngati kuwafotokozera za timaso ta makina n'kutaya nthawi. Chimene ndinawauza Lachinayi madzulo, ndikutsuka mbale, chinali chakuti Loweruka kutchalitchi chakale kukubwera alendo, wina wochokera ku Blantyre. Anangoti, "Ku Blantyre? Nanga unena lero?"

Lachisanu m'mawa ndinawaona akuchokera kudimba, ndowa ya dothi lakuda ili pamutu, madzi ake akutsikira m'khosi. Anapita n'kubwera kangapo, ndipo kudimba kwathu sikunali pafupi. Ndinaganiza kuti akufuna kuzira khonde. Ndinanyamuka kupita kwa a Chapo, komwe tinakhala tsiku lonse tikutchaja mabatire pa sola. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti: "Amayi atuta dothi tsiku lonse. Za mpikisano sanandifunse n'komwe."

Loweruka ndinalawirira kumsewu kukachingamira alendo. A kwa Makhuwira anafika panjinga, fumbi mpaka m'nsidze, kaloboti kawo atakakulunga m'chitenje ngati khanda. A ku Nchalo anatsika minibasi akudzitama kale. Mayi wa bungwe anafika pagalimoto yoyera, atavala magalasi, akudzikupiza ndi envelopu. Ndinawatsogolera onse monyadira, yunifolomu yanga itasitidwa ndi makala.

Fungo linandipeza ndisanalowe. Nditaima pakhomo, maso anga anakana kuvomereza. Pansi ponse panali pakuda bii, posalala, ponyezimira ngati msana wa mlamba. Anazira kuyambira kuguwa mpaka pakhomo, n'kukulungiza ndi nkhulungo, moti panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Laimu wathu ndi njira yathu zinali pansi pa dothilo. Kukhoma kunaima amayi asanu a mpingo, amayi anga ali pakati pawo, atavala zitenje zatsopano, akuwomba m'manja kulonjera alendo, ndowa ya thobwa la mapira ili pambali pawo.

Mtsikana wina wa kwa Makhuwira anaika kaloboti kawo pansi. Kanazungulira pamalo amodzi, kenako kanathamanga n'kukagunda benchi. "Mzere nkhabe!" anakuwa m'Chisena, kunena kuti mzere palibe, ndipo a ku Nchalo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "A Kasisi, mwatiitanira mpikisano wozira?" anatero wina.

A Chapo anayesa zonse. Tinathira laimu wotsala, koma dothi linali lisanaumitse ndipo panangokhala phala lotuwa lomwe linamata mateyala. Tikanajambula mzere woyera pakuda, koma maloboti ankadziwa wakuda wokha, ndipo kuwasintha kunkafuna kompyuta ija. Tinayala mapepala panja, mwera n'kuwaulutsa, dzuwa n'kuchititsa khungu timaso. Mayi wa bungwe anadikira mwaulemu mpaka dzuwa litafika pamutu. Anamwa thobwa, nayamikira kuti sanaonepo pansi pozira bwino chotero. Kenako anayang'ana wotchi, nauza a Chapo motsitsa mawu kuti sangakalembe zimene sanaone.

Ndipamene ndinatembenukira kwa amayi, pamaso pa anzawo ndi pa alendo onse. "Mwandiwonongera zonse! Bwanji mumagwira zinthu zimene simukuzidziwa?" Mawu anga anamveka mpaka panja. Mwana wa kwathu salankhula choncho kwa womubereka, ndipo amayi enawo anayang'ana pansi.

Amayi sanakweze mawu. "Tinapeza ana atathimbirizamo laimu ndi kulembalemba m'nyumba ya Mulungu," anatero. "Alendo a ku Blantyre akanalowa mmenemo? Iwe Elube, unangoti kukubwera alendo." Anatola makapu, nawaika m'beseni, n'kutuluka. M'zikhadabo mwawo munali mudakali dothi lakuda.

Maloboti anayi analongedwa m'makatoni tsiku lomwelo. Mtsikana wa kwa Makhuwira anapinda chitenje chake chopanda kanthu n'kuchimangirira pakaliyala. Galimoto yoyera italowa mumsewu wa kumapiri, a Chapo anakhala pabenchi nthawi yaitali, akuchotsa dothi m'nsapato ndi kamtengo. Kalabu inatha teremu yotsatira, ndipo chaka chisanathe iwonso anasamukira kwina.

Kunyumba tinakhala milungu iwiri tikungolankhulana za madzi ndi nkhuni. Timaphulusa ta nzimbe tinkagwabe. Amayi ankayenda chowerama, msana ukuwapweteka chifukwa cha ndowa zija, ndipo ine ndinkanamizira kusaona. M'kope ndinalemba masamba atatu odandaula za umbuli wa anthu a kumudzi, ndi kulonjeza kuti ndikadzaphunzira sindidzabwereranso. Lamulungu lililonse ana ankaimba m'tchalitchi chakale atakhala padothi losalala lija, ndipo anthu ankati amayi a Elube ali ndi dzanja.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti tinaluza chifukwa amayi sankadziwa kanthu. Lero ndikatsegula kope lija ndimawerenga mndandanda wa anthu amene ndinawalembera makalata: abusa, ahedi a sukulu ziwiri, mayi wa bungwe, ngakhale mwini sola yemwe tinkafuna kumubwereka ina. Aliyense ndinamufotokozera bwinobwino kuti maloboti amafuna mzere wakuda pamalo oyera. Munthu mmodzi yekha, amene ankasunga tsache ndi nkhulungo za tchalitchicho, amene ndinkadya naye mbale imodzi, sindinamuuze. Mwa tonse amene tinakonzekera tsiku lija, amayi ndi amene anasenza katundu wolemera kwambiri, ndipo anachita zonse molingana ndi zimene ndinawauza.