Zuze ndinamuzoloweza msana wa amake Paulo

Chinayamba ndi kaphokoso. Unali mwezi wa Mayo, nthawi imene kuno ku Chidzolomondo anthu amafukiza fodya, ndipo ine ndinali m'chigafa ndikusonkhezera moto pansi pa masamba. Nditaweramuka ndinamva chinthu chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinayang'ana uku ndi uku. Siliviya, mwana wanga woyamba, amene anaima pakhomo, ndiye anandiuza kuti, "Amama, akulirayo ali m'chifuwa mwanu." Ndinaseka, ndinatuluka kukamwa madzi, kaphokoso kaja kanaleka, ine n'kubwerera ku ntchito.

Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame. Kuno ndinabwera pa chitengwa, ndiye ndilibe mayi, ndilibe mchemwali woti ndingamutume. Bambo a ana angawa anatengedwa ndi anthu a mfuti chaka chomwecho, mvula isanathe, kuti akasenze katundu, ndipo mpaka lero sindinamve za iwo. Apongozi anga anathawira ku Malawi. Ndinatsala ndi fodya amene bambowo anabzala, ndi ana awiri, Siliviya amene anali atangoyamba kuguluka mano, ndi Zuze amene anali akuyamwabe.

Pofika Junyo, kuzizira kutalimba, kaphokoso kaja sikankachokanso ndi madzi. Ndinkakhosomola chifuwa chouma, chopanda kanthu. M'bandakucha ndinkadzuka ngati wina wandikhalira pamtima, ndipo ndinayamba kugona chokhala, nditatsamira khoma. Mpweya unkalowa, koma kuti utuluke inali nkhondo. Ndikangoponya musi pang'ono maso ankachita mdima. Kupeta kunkandibanikitsa, kusesa chimodzimodzi. Pochokera kudambo ndi ndowa, kachitunda kamene ndinkakwera ndikuimba kanasanduka phiri.

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti anthu adzati ndi chifuwa chachikulu n'kuyamba kuletsa ana awo kusewera ndi anga. Ndinkaopanso njira ya kuchipatala, chifukwa m'misewu munali mabomba okwirira. Ndinkawiritsa masamba a bulugamu n'kudzifunditsa bulangeti. Zinkapepuka kanthawi, kenako n'kubwerera. Fodya ndiye sindinamusiye, poti ndinkati bambo a ana akabwera asadzapeze thukuta lawo litawola.

Tsiku lina ndinagwa ndi ndowa pa kachitunda kaja. Anandipeza ndi mayi oyandikana nafe nyumba, amene timawaitana amake Paulo ngakhale kuti Pauloyo anamwalira kalekale ndi chikuku ndipo sanaberekenso wina. Ndi mayi olankhula mosapsatira. Anandiyang'ana milomo n'kunena kuti, "Amake Siliviya, milomo yadayi mukudikira kuti ifike pati? Mukafa ana awa ine ndiye ndiwadyetsa chiyani, dothi?" Iwo ndi amene anakapempha mkulu wina wa kumpingo, amene ankapita ku Furancungo kukafuna mchere, kuti andikweze pa njinga yake mpaka kuchipatala cha kumeneko. Siliviya anatsala nawo. Zuze ndinamutenga chifukwa cha bere.

Njinga sitinkayipalasa. Mkuluyo ankangoyikankha ine nditakhala kumbuyo, tikudutsa tinjira ta m'minda, tikutsata pamene papita ng'ombe. Tinafika dzuwa litapendeka. Pachipatala panali bisha, mzere wautali wozungulira khonde lonse. Ovulala ndi mfuti kapena mabomba ankalowa poyamba, ndipo palibe amene ankadandaula. Ine ndinakhala pansi nditagwira mawondo, mapewa ali m'mwamba, Zuze akundikoka bulauzi. Enifirimero, kapena kuti namwino, bambo wamfupi wovala zoyera, ankadutsa ndi beseni. Anaima, anatchera khutu, n'kunena kuti, "Mayi uyu ndikumumva ndili pano. Mulowetseni."

Anandimvetsera kumsana ndi kachipangizo kawo, kenako anandibaya jakisoni. Mtima unathamanga, koma patapita kanthawi mpweya unatuluka wonse, ngati munthu watsegula chitseko cha nyumba imene munadzaza utsi. Ndinalira, osati chifukwa cha ululu ayi. Ndinali nditaiwala kuti anthu amapuma chonchi.

Anandisunga masiku angapo. M'mawa uliwonse ankandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo kuti akayeze. Mabedi anali a ovulala, ife tinkagona pa mphasa. Odwala anzanga ankabweretseredwa chakudya ndi abale awo, ine ndinkadya zimene andigawira, ndipo nthawi yoona odwala ikakwana ndinkatembenukira kukhoma n'kumayamwitsa Zuze kuti ndisaoneke ngati ndikuyang'ana mbale za eni. Kudikira ndiye kunali ntchito yathu. Kudikira enifirimero, kudikira zotsatira, kudikira kumva ngati galimoto ya mankhwala yadutsa bwino m'njira.

Zotsatira zinati si chifuwa chachikulu. Enifirimero anati ndi asma, chimene kwathu timati mphumu. Mawu ake ndimawasungabe. Anati, "Mayi, matendawa satha, koma amagona. Ntchito yanu ndi kusawadzutsa. Mukanabwera pamene munangoyamba kumva kaphokosoko, simukanafika pogwa." Anandipatsa timapiritsi toyera titakulungidwa pa kapepala, n'kundichenjeza kuti mankhwala ndi osowa, ndizimwa pokhapokha ndamva kuti chayamba. Kenako anatchula zoti ndizipewa, utsi, fumbi, mphepo yozizira ya m'mawa ndi kuthamanga. Pa kuthamangapo ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana. Tonse tinkadziwa dziko limene tikukhalamo.

Nditabwerera kunyumba ndinayamba kuphunzira ntchito zanga zomwe ngati mtsikana wamng'ono. Fodya yense ndinapatsa bambo ena kuti amalize kufukiza, iwo n'kundipatsa chimanga ndi kamchere. M'chigafa sindinalowemonso. Kuphika ndinasamutsira panja, ndipo ndisanakoleze moto ndimayamba ndaona kumene mphepo ikupita kuti ndikhale kumbuyo kwake. Nkhuni zaziwisi sindikhudza. Nyemba zinkandivuta chifukwa zimafuna moto wa nthawi yaitali, mpaka ndinapeza njira. Ndimaziviika kaye m'madzi, ndimaziwiritsa mpaka zitabwata bwino, kenako ndimaphula mphika uli wovundikira, kuukulunga m'chiguduli, n'kuuika m'kadzenje kamene ndinayalamo udzu wouma. Pamwamba ndimaikanso udzu ndi lichero lakutha. Ndikauika m'mawa, pofika masana nyemba zapsa zokha. Nkhuni zimatha pang'ono, chifuwa chimapuma, komanso pakhomo sipafuka utsi woti munthu ali kuphiri n'kuona.

Kusinja ndinalephereratu. Tinagwirizana ndi amake Paulo kuti iwo azindisinjira, ine ndiziwatongolera chimanga, kuwasankhira nyemba ndi kuwasokera zigamba, ntchito zogwira munthu atakhala pansi. Kudimba ndinabzala mbatata ya kachewere monga timachitira kwathu ku Ntengo-Wambalame, chifukwa siifuna mtondo. Posesa ndimayamba ndawaza madzi otsukira mbale. Sabawu, kapena kuti sopo, kulibe, timatsuka ndi phulusa, koma langa ndimalinyowetsa kaye kuti lisauluke. Ndowa ndinaisiya, ndimatunga ndi kamtsuko, maulendo ambiri, ndikupuma pa mwala wa pakati pa chitunda. Anzanga amapita kumadzi limodzi akuseka, ine ndimatsala m'mbuyo, ndipo ndikafika iwo amakhala akubwerera. Nkhani za pamudzi ndimazimva zitazizira.

Ndinayamba kupeza bwino. Ndinayambanso kugona chogona. Chimene ndinalibe nacho yankho ndi kuthamanga kuja.

Pamudzi pathu, munthu akaona anthu a mfuti akubwera amamenya khasu ndi mwala, ndipo amayi ndi ana timathawira kukhwawa la nsungwi kumunsi kwa mudzi. Mwezi wa Setembulo, tchire litapsa, phulusa lili ponseponse, khasu linalira masana. Ndinabereka Zuze, ndinagwira Siliviya dzanja, ndinathamanga. Pofika m'nsungwi chifuwa chinali chitadzuka. Piritsi ndinameza ndi malovu, koma piritsi limatenga nthawi. Tinabisala phee, amayi ambiri ndi ana awo. Pamwamba pathu, m'njira, tinamva mapazi, mawu a amuna, ndi mbuzi imene ankaikoka. Ndiye m'chifuwa mwanga kamphaka kaja kanayamba kulira. Ndinatseka pakamwa, kanalirabe. Chikhosomo chinakwera. Amake Paulo anandigwira mutu n'kukanikiza nkhope yanga pamiyendo pawo, ndinakhosomolera m'chitenje chawo. Zuze atamva msana wanga ukugwedezeka anayamba kudandaula. Mayi wina anamumasula kuti amunyamule, mwana anakana, akutambasulira manja kwa ine, pakamwa atatsegula kale kuti alire. Anamutseka ndi chikhatho. Ndinaona maso ake pamwamba pa dzanja lija. Ndinaonanso maso a amayi onse ali pa ine.

Anthu aja anadutsa. Mwina mbuzi ija ndi imene inatipulumutsa ndi kulira kwake. Pobwerera palibe anandilankhula. Mayi mmodzi anangonena akuyang'ana kutsogolo kuti, "Chifuwa cha anthu ena chidzatiphetsa tonse." Sindinakwiye naye. Nayenso ali ndi ana, ndipo ananena zoona.

Ndinaganiza masiku angapo. Kuthawira ku Malawi sindikanakwanitsa, chifuwa changa sichingafike kumalire ndi ana awiri. Kubisala ndekha ndi ana, ndiye kuti chifuwa chomwecho chidzaitana anthu pa ana anga. Kuwapereka kwa ena pa tsiku lothawa, Zuze adzalira kufuna ine. Vuto silinali chifuwa chokha. Mwanayo ankangodziwa msana umodzi.

Ndinapita kwa amake Paulo akupeta pakhomo pawo, ndinakhala patali ndi gaga.

"Amake Paulo, ndabwera kudzapempha msana wanu."

"Msana wokalambawu? Mukufuna mukhalepo ngati mpando?"

Ndinawafotokozera. Analeka kupeta. Kenako anati, "Msana uwu unaiwala mwana, amake Siliviya."

"Zuze adzaukumbutsa."

"Nanga akadzandizolowera n'kukuiwalani inu, musadzabwere pano kudzanditukwana."

"Akandiiwale ali moyo," ndinatero.

Ndinayamba ndi kumuletsa Zuze kuyamwa. Ndinapaka tsabola kubere, mwana analawa n'kundiyang'ana ngati ndamumenya. M'mawa uliwonse ndinkamupereka kwa amake Paulo, iwo n'kumubereka popita kumunda. Ankalira mpaka mawu kusasa, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe, mkaka ukunyowetsa bulauzi, osatuluka. Chakudya ndinkaphika ndine, koma ankadyera m'manja mwawo. Akagwa n'kuthamangira kwa ine, ndinkamutembenuza n'kumuloza kwa iwo. Ntchito zonse zimene matendawa anandikakamiza kusiya, palibe inandipweteka ngati imeneyi.

Siliviya ndinamuuza poyera, poti ndi wamkulu. Ndinati khasu likalira asandifunefune, athamangire kwa amake Paulo, agwire chitenje chawo, asacheuke. Anafunsa kuti, "Nanga inu, amama?" Ndinati ine ndili ndi kwanga kobisala. Kunalidi. Kumtunda kwa mudzi, mbali yosiyana ndi khwawa lija, kuli dzenje lakale limene amayi ankakumbamo dothi loumbira miphika. Ndinabisamo chipanda cha madzi ndi chiguduli. Ndi pafupi, ndingathe kufikako poyenda, osathamanga. Ndipo wina akandimva ndili kumeneko, mapazi ake adzalowera kutali ndi kumene kuli ana.

Khasu linaliranso mu Novembulo, mvula yoyamba isanagwe. Ndinaona amake Paulo akuponya Zuze kumsana, Siliviya atagwira chitenje, akutsetsereka ndi anzawo. Siliviya anacheuka kamodzi. Ndinamukupizira dzanja kuti azipita. Kenako ndinameza piritsi, ndinayenda pang'onopang'ono kulowera kumtunda, mudzi wonse uli zii. M'dzenjemo ndinakhala ndekha ndi nyerere. Ndinakhosomolera m'chiguduli. Makutu anga onse anali kukhwawa, ndikumvetsera kulira kwa mwana, ndipo sindinamve kanthu. Sindinkadziwa ngati kusamvako n'kwabwino kapena ayi mpaka dzuwa litapendeka, pamene ndinamva amayi akuitana nkhuku.

Lero chifuwa changa chimagona masiku ambiri. Chimadzuka kukazizira kapena tchire likamapsa, koma sindinagwenso. Mapiritsi ndimawamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo akamachepa ndimafufuza amene akupita ku Furancungo asanathe. Inu amayi anzanga, mukamva kaphokoso m'chifuwa, kapena mukayamba kugona chokhala, musabise ngati ine. Njira ndi yoopsa, ndikudziwa, koma pitani miyendo ikadali yanu, musadikire kuti akunyamuleni. Si chifuwa chilichonse chimene chili chachikulu, ndipo ngakhale chosatha munthu amatha kukhala nacho akadziwa chimene chimachidzutsa.

Tsiku la mu Novembulo lija nditatsika kumudzi ndinapeza amake Paulo atakhala pa mtondo, Zuze ali mtulo kumsana kwawo. Anati, "Mwana wanuyu sanalire ngakhale pang'ono. Anangondigwira khosi." Siliviya anandithamangira. Zuze anadzuka, anandiyang'ana, anamwetulira, kenako anagonekanso tsaya pa phewa la amake Paulo. Manja anga anali atanyamuka kale kuti ndimulandire. Ndinawabweza, n'kupita kukafukula mphika wa nyemba.