Pamene Msewu Unakhotera

Chaka chimene boma linalamula kuti tilambule msewu wa machila wopita kudoko la Shire, kapitao, munthu wobwera, anakhoma zikhomo zake molunjika kumsitu wa manda athu. Tinalambula mpaka m'mphepete mwa msituwo, makasu n'kuima okha. Kumanda munthu salowa ndi nkhwangwa popanda maliro.

Kapitao anapukusa chikoti, nati wokana akagona m'ndende ku Chikwawa. Ine mwana wanga tinali titamuika kumandako dzinja lapitalo.

Kenaka mlamu wanga anapereka nkhwangwa kwa kapitaoyo, mpini patsogolo. "Yambani ndinu, bambo, ife titsatira."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, osailandira.

Mpaka lero msewuwo umakhota pamenepo, ndipo alendo amatukwana amene anauyeza.